Ngolo yopanda matayala: zimene zimachitika mmisiri akati "zipangizo sizikupezeka"

Mwezi wa June ukafika, pa Kamwendo ku Mchinji pamamveka phokoso la mitundu iwiri: la mavenda oitanira alimi ku masikelo a soya ndi mtedza, ndi la magilayinda a anthu owotcherera. Phokoso lachiwirili limadya kwa loyambalo. Mlimi akangolandira ndalama za zokolola, amapita kwa mmisiri kukapereka oda ya chinthu chimene wakhala akuchilakalaka chaka chonse: geti, mafelemu a mawindo, chitseko chachitsulo cha pagolosale, kapena ngolo.

Tsiku lina ndinaima pa shedi ina kuti andiwotcherere keliyala ya njinga. Pambali panali ngolo yatsopano itakhazikidwa pa njerwa. Thupi lonse linali litatha, matabwa atamangidwa ndi mabawuti, penti yoyamba itauma. Matayala okha ndiwo panalibe. Mwini wake, bambo wachikulire wa chipewa cha mlaza, anali atakhala pa tayala lakutha.

"Amisiri, sabata yachitatu ino. Ng'ombe zangokhala m'khola, mtedza ukadali kumunda."

"Bambo, musandione ngati ndadya ndalama zanu. Ekiselo ndi iyo apo. Chasowa ndi mabering'i. Ku Lilongwe ndatumako mwana kawiri, saizi imeneyi kulibe."

"Ndiye kachitsulo kokwana m'dzanja kaimitse ngolo yonse?"

"Kaimitsa kumene, bambo."

Amisiri a "bwerani mawa" tonse timawadziwa, ndipo ena amanamadi. Koma uyu sankanama. Vuto lakelo ndi lomwe limasowetsa tulo ngakhale mabwana a makampani opanga ndege ndi magalimoto, ndipo kuyambira nthawi ya Covid-19 lakhala likutchulidwa pa wailesi ndi dzina lachingerezi loti supply chain.

Unyolo wa katundu

Supply chain ndi mndandanda wa anthu, mafakitale, misewu ndi ndalama zimene chinthu chimadutsamo, kuchokera pamene chinali mwala wa m'nthaka kapena mtengo wa m'nkhalango mpaka kufika m'manja mwa wochigwiritsa ntchito. Ife tingautche unyolo wa katundu, pakuti mfundo iliyonse imakolana ndi inzake, ndipo ikaduka imodzi, zonse za kutsogolo kwake zimagwa. Dzinali linatchuka mu 1982 pamene Keith Oliver, mlangizi wa zamalonda wa ku Britain, analigwiritsa ntchito poyankhula ndi nyuzipepala ya Financial Times. Koma chinthucho n'chakale. Makolo athu ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, zimene zotsalira zake zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu, n'kusula makasu ndi nkhwangwa. Unyolo wawo unali waufupi: mwala wachitsulo, makala, mvukuto, wosula. Zonse zinali pa mtunda woyenda ndi miyendo.

Ngolo ya lero siili choncho. Ekiselo nthawi zambiri imachokera ku galimoto yakutha imene inapangidwa ku Japan. Mabering'i amapangidwa kunja. Zitsulo za felemu, marodi owotcherera ndi madisiki a gilayinda, zambiri zimalowa m'dziko muno pa thiraki, zina zitayenda kaye masabata angapo pa sitima ya panyanja. Penti ingasakanizidwe ku Blantyre kapena ku Lilongwe, koma mankhwala ake ambiri ndi akunja. Mwina matabwa okha ndiwo akwathu. Ngolo yokokedwa ndi ng'ombe za pa Mkanda ili ndi achibale m'maiko anayi kapena asanu.

Chovuta n'chakuti mmisiri amangodziwa mfundo imodzi yokha ya unyolowu: hadiweya imene amagulako. Wa hadiweyayo amadziwa sitolo yaikulu ya ku Lilongwe kumene amapikula. Kupitirira apo, mdima. Zili ngati mtsinje wa Bua. Msodzi wa ku Nkhotakota akaona madzi achepa amayang'ana kumwamba kwa kwawo, pamene chifukwa chake chili kuno ku Mchinji kumene mtsinjewo unayambira. Makampani akuluakulu amalemba anthu ntchito yongofufuza kuti wowagulitsa katundu amagula kwa yani, ndipo winayo amagula kwa yani. Kwa mmisiri wa pa trading centre, kafukufukuyu ndi funso limodzi lofunsa wa hadiweya: "Machubu amenewa amalowera boda iti?"

Tikamanena za kulimba kwa unyolo sititanthauza unyolo wosaduka. Wotero kulibe. Tikutanthauza kuti ukaduka, ntchito imaima masiku angati isanayambirenso, ndipo amene waluza ndani.

Katundu wa pa oda n'ngosiyana ndi wa pa shelefu

Pali njira ziwiri zopangira zinthu. Yoyamba, umapanga zambiri zofanana n'kudikira ogula: sopo, shuga, mbaula, ndowa za malata zopachikidwa pamsika. Yachiwiri, umadikira wogula abwere ndi miyezo yake, kenako n'kupanga chinthu chimodzi chokhacho: geti la mpanda wake, suti ya ukwati, shelefu yokwana pakona ya shopu yake, felemu ya chigayo.

Wopanga zofanana akasowa chipangizo, amagulitsa kaye zomwe zili m'sitolo. Ali ndi mpata wopumira. Wa pa oda alibe. Sangapangiretu geti asanadziwe kukula kwa mpanda, ndipo geti la munthu uyu silingakwane pa mpanda wa munthu wina. Zipangizo zakenso n'zamitundumitundu: oda iyi ikufuna chubu cha saizi ina, inayo ikufuna shiti yokhuthala, inanso maloko a mtundu wakutiwakuti. Sangasunge zonse.

Koma pamene pagona nkhani ndi pa mtengo. Pa oda, mtengo umagwirizanidwa lero, zipangizo zimagulidwa mawa, ndalama yotsala imalipidwa mwezi wamawa. Masiku a pakatiwo ndiwo amapha bizinesi. Mu May 2022 Reserve Bank of Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Masitolo ena anatseka kaye zitseko kuti asinthe mitengo.

Tiyerekeze, ndipo manambalawa ndi ongoyerekeza: mmisiri watchaja geti K600,000, mmene zipangizo ndi K400,000 ndipo K200,000 ndi ya ntchito, magetsi ndi anyamata. Kasitomala wapereka dipoziti ya K300,000. Mmisiri wagula machubu okha, akudikira ndalama ya oda ina kuti agule mashiti, mahinji ndi penti. Pakatipo mitengo yakwera. Zotsalazo, zimene zinali K200,000, tsopano zafika K280,000. Phindu ladyedwa pafupifupi theka asanayatse n'komwe mashini. Akapita kwa kasitomala kukapempha kuwonjezera, amva kuti "tinagwirizana kale". Akapanda kupita, atenga dipoziti ya kasitomala wachiwiri kumalizira geti la woyamba, ya wachitatu kumalizira la wachiwiri. "Bwerani mawa" ambiri amabadwira pamenepa, osati m'mtima woipa.

Onjezaninso kuti maoda onse amabwera nthawi imodzi. Kuyambira May mpaka August aliyense ali ndi ndalama ya soya, mtedza kapena fodya, ndipo amisiri onse a m'boma muno amathamangira mahadiweya omwewo. January akafika, shedi zili zii.

Zimene zimadula unyolo

Kwa ife zosokoneza zazikulu zimabwera pa makomo atatu: njira, ndalama zakunja, ndi mphamvu ya magetsi kapena mafuta.

Njira. Malawi alibe doko la panyanja yamchere. Katundu wathu amatsikira ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo njira iliyonse inadukapo. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu n'kumazungulira ku Durban pa mtengo wokwera kwambiri, nthawi zina kudzera ku Zambia n'kulowera pa Mchinji pompano. Ndi nthawi imeneyo boma linalimbikitsa njira ya kumpoto yopita ku Dar es Salaam. Mu March 2019 namondwe wa Idai anaphwanya mzinda wa Beira. Mu July 2021 zipolowe za ku South Africa zinaimitsa mathiraki pa msewu wa Durban, ndipo mu April 2022 madzi osefukira anawononga misewu yolowera ku doko lomwelo. Kumapeto kwa 2024 zionetsero za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zinasokonezanso mathiraki a ku Beira. Ngakhale zakutali zimatifika: mu March 2021 sitima imodzi yotchedwa Ever Given inapingasa ngalande ya Suez masiku 6, sitima mazanamazana n'kuima pamzere, makontena n'kuchedwa dziko lonse lapansi.

Ndalama zakunja. Ili ndiye khomo losaoneka ndi maso. Msewu ungakhale wabwino, fakitale ya kunja ingakhale ndi katundu, koma ngati woitanitsa sakupeza madola ku banki, katunduyo sanyamuka. Akawagula pa msika wamseri pa mtengo wokwera, mtengowo umatsika nawo unyolo wonse mpaka kufika pa paketi ya marodi. N'chifukwa chake wa hadiweya nthawi zina amakana kukugulitsa katundu amene ukumuona ndi maso pa shelefu: sakudziwa kuti akagulitsa lero, adzamubwezeretsa pa mtengo wanji.

Mphamvu. Mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130. Siteshoniyo inayambiranso kugwira ntchito mu 2023. Miyezi yonseyo owotcherera ambiri ankagona pa shedi kudikira magetsi a pakati pa usiku. Amene anali ndi jenereta anapeza kuti nayonso ili ndi unyolo wake, pakuti mu 2022 momwemo mizere ya pa mafiling'i siteshoni inali itayamba. Apa tikuona khalidwe loipa la zosokoneza: sizibwera imodziimodzi. Kusowa kwa madola kumabweretsa kusowa kwa mafuta, kusowa kwa mafuta kumaimitsa thiraki yobweretsa zitsulo ndiponso jenereta yowotcherera.

Nkhokwe kapena kugula tsiku lomwelo

Yankho loyamba limene aliyense amaganiza ndi kusunga. Mlimi sakusowa kuphunzitsidwa zimenezi. Nkhokwe ili pabwalo. Boma nalo limatero: NFRA imasunga chimanga m'nkhokwe za ku Kanengo, ndipo NOCMA ili ndi matanki a mafuta ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu okwana malita 60 miliyoni onse pamodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Komabe kwa zaka zambiri mafakitale a dziko lapansi ankaphunzitsidwa zosiyana ndi zimenezi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kampani ya Toyota inalibe ndalama kapena malo osungira zipangizo zambiri. Mmodzi wa akuluakulu ake, Taiichi Ohno, anatengera nzeru ku masitolo akuluakulu a ku America, kumene shelefu imadzazidwa pokhapokha ogula akatengapo. Anakonza zoti chipangizo chizifika pa fakitale nthawi imene chikufunika, mulingo umene ukufunika. Njirayi imatchedwa just in time. Ubwino wake ndi weniweni: ndalama sizigona m'zitsulo zongokhala, katundu sachita dzimbiri, ndipo cholakwika chimaoneka msanga chifukwa palibe mulu wobisalamo.

Kuipa kwake kunaoneka pa 1 February 1997, pamene moto unatentha fakitale ya Aisin, imene inkapangira Toyota pafupifupi tizitsulo tonse ta mtundu wina ta m'mabuleki. Kachipangizo kotsika mtengo, kokwana m'dzanja ngati bering'i ya ngolo ija, kanaimitsa mafakitale a Toyota m'Japan. Chimene chinawapulumutsa sichinali nkhokwe. Makampani ena ambiri, ena oti sanapangepo kachitsuloko chiyambire, analandira mapulani ake n'kuyamba kukapanga, ndipo patangotha masiku ochepa magalimoto anayambanso kutuluka. Chivomerezi ndi tsunami za mu March 2011 zitagunda Japan, Toyota inasintha pang'ono: inapempha ena owagulitsa zipangizo kuti azisunga tizipangizo ta kompyuta ta m'galimoto tokwanira miyezi ingapo. Titasowa dziko lonse mu 2021, Toyota inapirira nthawi yaitali kuposa anzake ambiri, komabe pofika September chaka chomwecho inachepetsa kupanga magalimoto ndi 40 peresenti. Nkhokwe imagula nthawi, siibala chimanga.

Mmisiri wa kuno amachita just in time osati chifukwa anawerenga za Ohno, koma chifukwa mpamba ndi wochepa. Dipoziti ikabwera, akwera kabaza kupita ku hadiweya. Kumuuza kuti azisunga zipangizo za miyezi itatu n'kumunyoza: ndalamazo azitenga kuti, chiwongoladzanja cha ku banki chitapitirira 20 peresenti, cha ku banki mkhonde chikuwerengedwa pa mwezi? Ndipo zitsulo zosungidwa pa shedi ya malata zimafuna mlonda.

Nzeru imene akatswiri ambiri amagwirizanapo ndi yosankha chosunga. Osasunga chimene chili chodula, koma chimene chili chotsika mtengo, chovuta kupeza, ndiponso chopanda cholowa m'malo mwake. Pa ngolo, machubu amadya ndalama zambiri koma amapezeka m'masitolo angapo. Mabering'i, mabawuti a matayala ndi marodi amadya ndalama zochepa, amakwana m'katoni imodzi pansi pa bedi, koma akasowa ntchito yonse yaima. Pa chipangizo chilichonse pali mafunso awiri: chikatha lero, ndingagwire ntchito masiku angati? Nanga chatsopano chimatenga masiku angati kuti chifike zinthu zikavuta? Ngati yankho lachiwiri likuposa loyamba, pamenepo ndi pamene unyolo wako udzadukire. Ine ndimaona kuti mafunso awiriwa, olembedwa kuseri kwa kope la maoda, amaposa maphunziro ambiri a m'mahotela.

Mbuli: gwero lachiwiri

Amene anakumbapo mbewa amadziwa kuti mbewa siikhala ndi khomo limodzi. Pali una, palinso mbuli yothawira. M'malonda, mbuli ndi wogulitsa wachiwiri amene ungathamangireko woyamba akalephera.

Pa ichi Mchinji ali ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Lilongwe ili pa mtunda wopitirira makilomita 100 kum'mawa, pamene Chipata ali pafupi, kungodutsa pa Mwami. Zambia ili ndi fakitale yakeyake ya zitsulo ku Kafue, ndipo katundu wake wina amalowera njira zosiyana ndi zathu. Mu December 2022 apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula boda yatsopano ya Mchinji ndi Mwami, pamene wapaulendo amaima kamodzi kokha m'malo moima mbali zonse ziwiri. Palinso dongosolo la COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, lopeputsa mapepala kwa amalonda ang'onoang'ono, ngakhale limakhudza katundu wa pa mndandanda wogwirizanidwa, wopangidwa m'maiko a bungwelo, osati chilichonse chogulidwa m'sitolo ya ku Chipata. Njanji yolumikiza Mchinji ndi Chipata inatsegulidwa mu 2010, koma kwa zaka zambiri sitima zakhala zosowa m'njanjimo, moti katundu wa mmisiri amayendabe pa msewu.

Mbuli nayo ili ndi mtengo wake. Ku Chipata amafuna kwacha ya Zambia, ndiye kuti vuto la ndalama zakunja lakutsatira, langosintha malaya. Pali msonkho, pali thiransipoti. Ndipo ukagawa maoda ako pakati pa masitolo awiri, sukhalanso kasitomala wamkulu kwa aliyense, pamene wa hadiweya amasungira katundu wosowa munthu amene amagula kwa iye masiku onse ndipo sazemba ngongole. Phunziro la moto wa Aisin linali lomweli: anthu amakuthandiza pa tsoka chifukwa cha mmene unkakhalira nawo pa mtendere.

Chenjezo lina: masitolo awiri si magwero awiri. Ngati hadiweya ya pa boma ndi ya pa Kamwendo zonse zimapikula kwa mmwenye mmodzi ku Lilongwe, uli ndi zitsime ziwiri zotunga pa kasupe mmodzi. Chilala chikabwera ziuma tsiku limodzi.

Chikwapu

Woyendetsa ngolo akagwedeza dzanja pang'ono, nsonga ya chikwapu imauluka mpaka kulira. Unyolo wa katundu umachitanso chimodzimodzi, ndipo achingerezi amachitcha bullwhip effect. Jay Forrester wa ku yunivesite ya MIT ku America anazifotokoza mu 1961, ndipo pambuyo pake kampani ya Procter & Gamble inazipeza pa matewera a Pampers: makanda amagwiritsa ntchito matewera mofanana mwezi ndi mwezi, koma maoda ofika ku fakitale ankakwera ndi kutsika ngati mafunde.

Zimayenda chonchi. Mphekesera yamveka kuti marodi asowa. Mmisiri amene amagula paketi imodzi agula zitatu. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Wa hadiweya aona marodi akutha msanga, aitanitsa makatoni ochuluka kuposa apo. Wa ku Lilongwe aitanitsa kontena yowonjezera. Kusowa kumene kunali kongopeka kwasanduka kwenikweni, kenako miyezi itatu ikadutsa aliyense wadzaza ndi marodi amene ayamba kuyamwa chinyezi. Tinaziona pa mafuta ndi zigubu, pa shuga, pa simenti. Chokhumudwitsa n'chakuti aliyense payekha anachita mwanzeru. Nkhokwe imene tayamikira pamwambapa, ikadzazidwa ndi anthu onse tsiku limodzi chifukwa cha mantha, ndiyo imabweretsa njala. Mankhwala ake ndi uthenga woona woyenda msanga: mmisiri auze wa hadiweya maoda amene alidi nawo, wa hadiweya anene tsiku lenileni limene thiraki ifike.

Kulimbitsa pa kapangidwe

Njira ina siikhudza ogulitsa, imakhudza pulani ya chinthucho. Kampani ya zovala ya ku Italy, Benetton, inatchuka chifukwa choluka majuzi osanyika mtundu, n'kudzawanyika pomaliza itadziwa mtundu umene anthu akufuna. Mmisiri angachite zofanana: mawindo a anthu khumi angasiyane maluwa ndi penti, koma onse n'kugwiritsa ntchito saizi ziwiri zokha za chubu ndi mtundu umodzi wa hinji. Ngolo zake zonse zingamangidwe pa maekiselo a magalimoto ofala, amene mabering'i ake amapezeka pa sitolo iliyonse ya masipeya. Kasitomala amaonabe chinthu chakechake, pamene mkati mwake zipangizo n'zofanana.

Pali malire apa. Kulowetsa chipangizo china m'malo mwa chimene chasowa n'kololeka ngati mwini oda wauzidwa. Kuika chubu chopyapyala n'kupaka penti yokhuthala si kulimbitsa unyolo. Ndi kusamutsira vuto kwa munthu amene geti lidzamugwere.

Nanga bwanji osangopanga zonse konkuno?

Funsoli limabwera pa mkangano uliwonse, ndipo lili ndi mbali ziwiri zolemera. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, masomphenya a Malawi 2063 amaika mafakitale pakati pa nsanamira zake zitatu, ndipo mu March 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kuitanitsa katundu wina kunja, kuphatikizapo mipando ndi matebulo a matabwa. Ogwirizana nazo amati unyolo waufupi suduka kawirikawiri, sudya madola, ndipo umalemba ntchito ana athu. Amaloza simenti ya Shayona yopangidwa ndi miyala ya ku Kasungu.

Otsutsa amati gwero la pafupi nalo limauma. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inkaoneka ngati matabwa ake sadzatha, koma moto ndi kudula mosabwezeretsa zinaichepetsa kwambiri. Amatinso kalipentala wa kuno, ngakhale atatetezedwa ku mipando yakunja, amafunabe guluu, vanishi, misomali ndi siponji zodalira madola. Ndipo kutseka khomo kumakwiyitsa oyandikana nawo: mu April 2025 Tanzania inabwezera poletsa zokolola za ku Malawi, ngakhale chiletsocho chinachotsedwa patangopita masiku ochepa. Kwa dziko limene mafuta ndi feteleza wake wina amadutsa ku Dar es Salaam, masiku ochepawo anali okwanira kusonyeza pamene pali chilonda.

Mafunso amene akadali poyera

Kodi amisiri a pa trading centre imodzi angasonkhe ndalama n'kumagula limodzi, kukhala ndi nkhokwe imodzi ya marodi ndi mabering'i? Pa pepala n'zomveka: mtengo wopikulira, thiransipoti imodzi. Koma anthuwa amalimbirana makasitomala omwewo, ndipo funso la amene asunge kiyi lagwetsapo magulu ambiri.

Kodi koteshoni iyenera kukhala ndi tsiku lothera, kapena mawu oti kwacha ikagwa mtengo usintha? Makampani omanga misewu ali ndi mfundo zotere m'makontirakiti awo. Mlimi amene wagulitsa soya wake kamodzi pa chaka angavomere mtengo wosakhazikika? Ena amati njira yachilungamo ndi yoti kasitomala agule yekha zipangizo, mmisiri atchaje ntchito yokha. Pamenepo tsoka la mitengo lasamukira kwa kasitomala, komanso iye sadziwa kusiyanitsa chubu chabwino ndi chopyapyala.

Madola akachepa, ndani ayambe kulandira: mafuta, mankhwala, feteleza, kapena zipangizo za mafakitale ang'onoang'ono amene angachepetse kuitanitsa katundu mtsogolo? Nanga sola, imene mtengo wake ukutsika, idzafika poyendetsa mashini owotcherera tsiku lonse pa mtengo umene shedi ya anthu atatu ingakwanitse?

Patapita masabata awiri ndinadutsanso pa shedi ija. Ngolo inali itaima pa matayala ake. Mabering'i anapezeka ku Chipata, pa mtengo woposa umene unali mu koteshoni, kuphatikizapo thiransipoti ya mwana amene anatumidwa. Bambo aja anali atabwera ndi ng'ombe zawo ziwiri ndi goli, koma ngolo inali isanamangidwe ku ng'ombezo. Iwo ankati mtengo unagwirizanidwa mu May ndipo mtedza anaututa kale pa ngolo yahayala, ndalama imene palibe adzawabwezere. Mmisiri ankati sanagwetse kwacha ndi iye, ndipo akanasunga mabering'i kuyambira January, ndalama yake ikanalowa mu mtengo wa ngolo yomweyo, bambowo n'kupita kwa mmisiri wotchipa wa tsidya la msewu. Pamene ndinkakwera njinga n'kuti akuwerengabe pa kope.